Mawu a Majini m'Matumbo Otupa

Ku chipatala cha St Mark's, ku London, kumafika anthu ena amene munthu poŵaona sangaganize kuti akudwala. Amayenda okha, amadya bwino, ndipo ambiri a iwo amagwira ntchito zawo monga mwa masiku onse. Komabe amaitanidwa ndithu, ena chaka chilichonse, ena pakapita zaka zingapo, kuti dokotala adzaloŵetse m'matumbo mwawo kapaipi kofeŵa kokhala ndi kamera kunsonga, naona khoma lonse la matumbowo, natapako timinofu ting'onoting'ono tokayesa. Anthu ameneŵa akhala ndi nthenda ya kutupa kwa matumbo kwa zaka zambiri. Chimene dokotala amafunafuna pa tsikulo si nthendayo ayi, popeza imeneyo akuidziŵa kale, koma ina imene nthaŵi zina imabwera pambuyo pake mwakachetechete, ndiyo khansa ya m'matumbo aakulu.

Vuto limayamba pamene timinofu tija taonetsa kuti maselo ena ayamba kusintha maonekedwe, koma asanasanduke khansa. Apa wodwala amaima pa mphambano. Akhoza kuvomera kuti amchotse matumbo aakulu onse, kuti mwina moyo wake wonse azidzithandiza kudzera m'kathumba komata pamimba. Kapena akhoza kudikira, nayesedwanso miyezi ingapo ikapita, akudziŵa kuti khansa ingamgwere pakati pa ulendo. Ambiri mwa anthu otere sadzadwala konse khansayo, koma ena adzaidwala, ndipo diso la dokotala, ngakhale litathandizidwa ndi maikulosikopu, silitha kuŵalekanitsa bwinobwino. Nchifukwa chake akatswiri a sayansi akhala akufuna njira yofunsira maselo eniakewo kuti aulule kumene akuloŵera. Njirayo ndiyo kumvetsera majini.

Poyamba nkoyenera kulongosola nthenda imene ikunenedwayi, pakuti omvera ambiri akamva za kutsekula m'mimba kwa magazi amaganiza za kamwazi. Kamwazi amadza ndi tizilombo toloŵa m'thupi kudzera m'madzi kapena m'chakudya, ndipo akapatsidwa mankhwala oyenera amatha. Nthenda ya kutupa kwa matumbo ndi ina. Siipatsirana, ndipo gwero lake ndi chitetezo cha thupi chimene chasokonezeka, nichiyamba kumenyana ndi khoma la matumbo a mwini wake pamodzi ndi tizilombo tabwino timene timakhala m'menemo mwachibadwa. Imabuka, nikhala chete, nibukanso, kwa moyo wonse. Ilipo ya mitundu iŵiri. Wina umatchedwa ulcerative colitis, umene umayambira kumapeto kwenikweni kwa matumbo ndi kukwera m'matumbo aakulu. Dokotala Samuel Wilks wa ku London adaulongosola m'chaka cha 1859. Winawo ndi nthenda ya Crohn, imene ikhoza kugwira paliponse kuyambira m'kamwa kufikira kotulukira chimbudzi, ndipo idatenga dzina la Burrill Crohn, amene pamodzi ndi anzake aŵiri a pa chipatala cha Mount Sinai ku New York adaifotokoza m'chaka cha 1932. Chiŵerengero cha m'chaka cha 2017 chidaonetsa kuti anthu pafupifupi 6.8 miliyoni pa dziko lonse adali ndi nthendayi.

Crohn yemweyo, m'chaka cha 1925, adali atalemba kale za wodwala ulcerative colitis amene adapezeka ndi khansa. Ganizo lakuti kutupa ndi khansa nzapachibale lidali lakale kuposa pamenepo, pakuti Rudolf Virchow wa ku Germany adalitchula m'chaka cha 1863 ataona maselo oyera a m'magazi ali mbwee m'kati mwa zotupa. Koma kukula kwa ngoziyo kudatenga nthaŵi yaitali kuti kuyezedwe. M'chaka cha 2001, akatswiri a ku Leicester adasonkhanitsa zofufuza 116 za m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti mwa odwala 100 alionse, 2 amadwala khansa pakatha zaka 10, 8 pakatha zaka 20, ndipo 18 pakatha zaka 30. Manambala ameneŵa adachititsa mantha, ndipo akadali kubwerezedwa m'mabuku ambiri ngakhale kuti kafukufuku wa pambuyo pake adaŵatsitsa. A ku St Mark's, ataŵerengera odwala amene adaŵayang'anira kwa zaka 40, adalengeza m'chaka cha 2015 kuti ndi odwala pafupifupi 3 mwa 100 pakatha zaka 20, ndi pafupifupi 7 pakatha zaka 30. Ngoziyo ilipo, koma siifanana kwa onse. Imakula ngati nthenda yakhalitsa, ngati yagwira mbali yaikulu ya matumbo, ngati kutupa kwakhala koopsa, ngati pabanja padali wina wodwala khansa yomweyo, makamaka ngati wodwalayo alinso ndi nthenda ina yotsekereza timitsempha ta ndulu m'chiŵindi.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kudziŵa mmene khoma la matumbo lidapangidwira. Matumbo aakulu ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo m'kati mwake mwayalidwa maselo mzere umodzi wokha, wopyapyala kuposa pepala. Mzerewo uli ndi timaenje mamiliyoni ambiri, ndipo pansi pa kadzenje kalikonse pamakhala maselo oŵerengeka amene ntchito yawo ndi kubala maselo ena. Obadwawo amakwera pang'onopang'ono m'mbali mwa kadzenjeko, nagwira ntchito masiku ochepa, nayoyoka. Motero khomalo limadzikonzanso lonse sabata isanathe. Mwa munthu wodwala colitis, khomali limapsa ndi kuphukanso, kupsa ndi kuphukanso, monga tchire lotenthedwa chaka ndi chaka. Maselo a chitetezo, pomenya nkhondo yawo yosafunikayo, amatulutsa mankhwala aukali amene amaononga malangizo a m'kati mwa maselo a khoma. Ndipo panthaŵi yomweyo maselo ovulalawo amakakamizidwa kubereka mofulumira kuti atseke zilonda. Mlimi aliyense adziŵa kuti pa lupsa la chaka ndi chaka sipamera zonse zimene zidalipo kale. Pamatsala zokhazo zolimba ku moto, ndipo zolimba ku moto sizikhala zabwino nthaŵi zonse.

Malangizo amene atchulidwaŵa ndiwo majini. Dzinali lisasokoneze omvera: si majini a mizimu aja amene anthu amaopa m'mbali mwa nyanja, koma liwu lobwereka ku Chingerezi, lotanthauza tizigawo ta ulusi wautali wotchedwa DNA, umene umapezeka m'kati mwa selo. Jini iliyonse ili ngati tsamba la malangizo opangira chinthu chimodzi, kaŵirikaŵiri puloteni. Munthu ali ndi majini otere pafupifupi 20,000, ndipo chodabwitsa nchakuti selo la m'diso, la m'chiŵindi ndi la m'matumbo onse ali ndi majini amodzimodzi. Chimene chimaŵasiyanitsa ndi majini amene selo lililonse likugwiritsa ntchito. Zili monga nyumba youlutsira mawu imene ili ndi chipinda chodzaza mbale za nyimbo: mbalezo zilipo zonse usana ndi usiku, koma womvera kumudzi amangomva zokhazo zimene muulutsi waika pa mphepo, zina mokweza, zina motsitsa, zina osaziika konse. Kuŵerenga DNA ndiko kuloŵa m'chipinda chija ndi kuŵerenga mbale, kuona ngati ina yasweka kapena yasoŵa. Kufufuza kalankhulidwe ka majini ndiko kutsegula wailesi ndi kumva chimene chikumveka lero.

Selo likafuna kugwiritsa ntchito jini, limakopera malangizowo pa kaulusi kena kakafupi kotchedwa RNA, ndipo kameneka kamatuluka ngati mthenga kupita kumene mapuloteni amapangidwira. Mthenga ameneyu adatsimikizidwa m'chaka cha 1961, ndipo mmodzi mwa amene adampeza adali Sydney Brenner, mbadwa ya ku Germiston ku South Africa, pamodzi ndi François Jacob ndi Matthew Meselson. Chaka chomwecho Jacob ndi Jacques Monod, ku Paris, adaonetsa kuti majini amayatsidwa ndi kuzimitsidwa monga nyale. Mfundo yake njosavuta: jini imene ikugwira ntchito kwambiri imatumiza amithenga ambiri, ndipo imene yazimitsidwa situmiza ndi mmodzi yemwe. Woŵerenga amithenga adziŵa chimene selo likuchita.

Asanafike pa kuŵerenga amithenga, akatswiri adayamba ndi kuŵerenga mbale zosweka, ndipo adapeza chinthu chimene chidasintha kaganizidwe konse. M'chaka cha 1990, Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku Johns Hopkins ku Baltimore adalongosola njira imene khansa wamba ya m'matumbo imayendamo, ndiye kuti khansa ya anthu amene sadadwalepo colitis. Pa njira imeneyi, imene imayamba kuonongeka ndi jini yotchedwa APC, imene ntchito yake ndi kuletsa maselo kuberekana mopyola muyeso. Ikaonongeka pamaphuka kanjereŵere kooneka bwino pa khoma la matumbo. Pakapita zaka majini ena amaonongeka, ndipo chakumapeto imagwa jini ya p53, imene David Lane, mmodzi mwa amene adatulukira puloteni yake m'chaka cha 1979, adaiyerekeza ndi mlonda. Mlondayu akaona kuti DNA ya selo yaonongeka amaimitsa selolo kuti likonzedwe, ndipo likakanika kukonzeka amalilamula kuti life.

M'matumbo a colitis zinthu zimayenda chobwerera. Teresa Brentnall ndi anzake a ku Seattle adaonetsa m'chaka cha 1994 kuti mlonda ndiye amayamba kugwa, nthaŵi zina m'minofu imene pa maikulosikopu ikuoneka yabwinobwino. Ndipo zofufuza ziŵiri za ku America za m'chaka cha 2016 zidatsimikiza kuti jini ya APC, imene imapezeka yoonongeka m'makhansa wamba pafupifupi 8 mwa 10 alionse, m'makhansa a colitis imapezeka yoonongeka mwa 1 kapena 2 okha. Nzomveka ndithu. Pamalo pamene moto ukupha maselo tsiku ndi tsiku, selo limene lataya mlonda wake wolilamula kufa ndilo limapulumuka, ndipo ana ake amafalikira m'timaenje toyandikana nalo kufikira atatenga dera lalikulu la khoma. Choipa chake nchakuti kufalikira kotere sikutukula kanjereŵere koti dokotala akaone nkukadula. Kumayala pansi ngati kapinga, kaŵirikaŵiri m'malo angapo nthaŵi imodzi, pakati pa zipsera ndi zilonda zakale. Nchifukwa chake kwa zaka zambiri madokotala ankangotapa timinofu mwachisawawa, tinayi pa masentimita 10 alionse. Akatswiri a ku Seattle adaŵerengera m'chaka cha 1992 kuti pamafunika timinofu 33 kuti dokotala akhale ndi mwaŵi wa maulendo 9 mwa 10 wopeza malo oyamba kusintha. Munthu akaganiza kuti timinofu 33 ndi kachigawo kochepetsetsa ka khoma lonselo, aona kuti kudali ngati kufuna singano m'nkhokwe ya chimanga.

Koma kuyala ngati kapinga kuja kuli ndi ubwino wake kwa wofufuza. Ngati munda wonse wadwala, sipafunika kupeza phesi lenilenilo limene lafota. Dothi la pangodya likhoza kuulula. Ganizo limeneli lidatheka kuyesedwa chipangizo chatsopano chitatulukira. M'chaka cha 1995, ku Stanford ku California, Patrick Brown ndi anzake adapanga kagalasi kamene pamwamba pake adadonthezapo timadontho ta DNA, kadontho kalikonse koimira jini imodzi. Amithenga ochokera m'minofu amakopedwa, napakidwa utoto woŵala, nathiridwa pa galasipo. Aliyense amakamamatira pa kadontho ka jini yake, ndipo kadontho kamene kaŵala kwambiri ndiko ka jini yolankhula mokweza. Kagalasi koyambako kadali ndi majini 45 okha, a kachitsamba kena. Pasanathe zaka khumi timagalasi totere tidatha kunyamula majini a munthu pafupifupi onse, ndipo kuyambira cha m'ma 2008 padadza makina oŵerenga amithengawo mmodzimmodzi, ntchito yoŵaŵerengera ili m'manja mwa kompyuta.

Toshiaki Watanabe ndi anzake a ku Tokyo adagwiritsa ntchito timagalasi totere m'chaka cha 2007. Adatapa minofu ya kumapeto kwa matumbo, pamalo popanda chotupa, kwa odwala colitis amene adali ndi khansa kwina m'matumbo ndi kwa ena amene adalibe, nayerekeza kalankhulidwe ka majini awo. Adapeza gulu la majini limene mawu ake adasiyana pakati pa magulu aŵiriwo. Joel Pekow ndi anzake a ku Chicago adapeza zofananako m'chaka cha 2013: minofu yooneka yabwino, ya odwala amene nthenda yawo idali chete, idali kulankhula mosiyana ngati kutali ndi pamalopo padali khansa kapena chiyambi chake, ndipo ambiri mwa majini okweza mawu adali a chitetezo cha thupi ndi a kupoletsa zilonda. Kunena kwina, khoma lidali likali pa nkhondo ngakhale diso lidaona mtendere.

Pano mpofunika kunena chilungamo, pakuti nkhani zotere zikafika m'manyuzipepala zimakula msanga. Zofufuza zimenezi zidachitika pa odwala makumi oŵerengeka, pamene majini oyesedwa adali zikwi makumi. Woponya ukonde waukulu chotero m'dziŵe laling'ono sangalephere kukola kanthu, ngakhale mwangozi chabe. Ndipo mndandanda wa majini wa gulu lina kaŵirikaŵiri sufanana ndi wa gulu linzake. Palinso vuto lachiŵiri, lalikulu kuposa loyambalo: kutupa kumene kumachita phokoso. Matumbo akatupa, majini mazanamazana amakweza mawu, ndipo kunong'ona kwa maselo oŵerengeka amene ayamba kupanduka kumamira m'phokosomo. Vuto lachitatu nlakuti kamnofu kamodzi kali ndi maselo a mitundu yambiri, a khoma, a chitetezo, a mitsempha ya magazi, a mnofu wogwiriziza. Kukapera pamodzi ndi kuŵerenga amithenga kuli ngati kuima kunja kwa msika ndi kuyesa kumva chimene wogulitsa mmodzi akunena.

Mafunso ena amene sakadayankhidwa pa anthu adayankhidwa pa mbeŵa, osati zokumba m'munda zija, koma zoŵetedwa mwadala m'nyumba zofufuziramo. Akatswiri a ku Japan adakonza njira yodwalitsa mbeŵa khansa ya colitis m'miyezi yoŵerengeka, pozibaya mankhwala oononga DNA ndi kuzimwetsa ena otupitsa matumbo. M'chaka cha 2004, Florian Greten ndi Michael Karin a ku San Diego adagwiritsa ntchito mbeŵa zotere pofufuza puloteni yotchedwa NF-kappa B, imene ili ngati kapitawo: ikadzutsidwa imaloŵa pamene pali DNA ndi kuyatsa majini ambiri nthaŵi imodzi. Atatseka njira yodzutsira kapitawoyu m'maselo a khoma okha, kutupa sikudachepe, koma zotupa zidachepa kwambiri chiŵerengero, chifukwa maselo ovulala adayamba kufa monga ayenera. Atatseka njira yomweyo m'maselo a chitetezo, zotupa zidachepa msinkhu, chifukwa maselowo adaleka kutulutsa timadzi tolimbikitsa kukula. Tsono kapitawo mmodzi adali kugwira ntchito ziŵiri m'nyumba ziŵiri: kwina akuletsa selo loipa kufa, kwina akulidyetsa. M'chaka cha 2009 magulu aŵiri adatchula kamodzi mwa timadzi timeneto, kotchedwa interleukin 6, ndi puloteni ya STAT3 imene imalandira uthenga wake m'maselo a khoma ndi kuyatsa majini a kukula.

Jini ikhoza kukhalanso chete popanda kusweka. Selo lili ndi njira yomata timfundo ta mankhwala pa chiyambi cha jini, ndipo jini yomatidwa chotero siŵerengedwa, monga mbale yabwinobwino imene yatsekeredwa m'kabati. Timfundo timeneti timachuluka munthu akamakalamba. Jean-Pierre Issa ndi anzake adaonetsa m'chaka cha 2001 kuti m'matumbo a odwala colitis amene adayamba kusintha maselo, kumatidwaku kudali kutapitirira msinkhu wa eni ake. Khoma limakalamba mwini wake akali mnyamata, ndipo mwina nchimodzi mwa zifukwa zimene khansa imeneyi imagwirira anthu a zaka zocheperapo kusiyana ndi khansa wamba.

Kumvetsera majini kudathandizanso kugaŵa khansa ya m'matumbo m'magulu. M'chaka cha 2015, magulu a akatswiri a m'maiko angapo adaphatikiza zoyesa za odwala oposa 4,000, nagwirizana kuti khansa wamba ili m'mitundu inayi malinga ndi majini amene amamveka. Mtundu wochuluka koposa ndi umene umayendetsedwa ndi njira ija imene APC amailondera. Wina, wachinayi, ndi wodzala ndi mnofu wogwiriziza wonga chipsera, ndipo odwala ake kaŵirikaŵiri savutika pang'ono. Akatswiri a ku Helsinki ku Finland atayesa makhansa a odwala kutupa kwa matumbo m'chaka cha 2021, adapeza kuti mtundu wochuluka uja mulibemo, ndipo wachinayiwo ndiwo udachuluka. Adaonanso kuti jini yopanga cholandirira uthenga wa timadzi totchedwa oncostatin M idali kulankhula mokweza. Dzina limeneli lidali litamveka kale. M'chaka cha 2017 a ku Oxford adapeza kuti odwala amene matumbo awo adali ndi oncostatin M wambiri kaŵirikaŵiri sadathandizidwe ndi mankhwala amphamvu oletsa kutupa a mtundu wa infliximab. Zimenezi zikupereka ganizo lakuti kutupa kokana mankhwala ndi khansa yoopsa zikhoza kukhala zikumwa pa chitsime chimodzi, ngakhale kuti ganizo si umboni.

Vuto la msika lija lidayamba kutha pamene padatulukira njira yolekanitsa maselo ndi kumvetsera lililonse palokha. M'chaka cha 2019, a ku Broad Institute ku Massachusetts adaŵerenga amithenga a maselo 366,650 ochokera kwa odwala colitis 18 ndi anthu abwino 12, napeza mitundu 51 ya maselo. Pakati pake padali mtundu wina wa maselo a mnofu wogwiriziza umene umachuluka m'matumbo otupa, ndipo ndiwo umamva kwambiri uthenga wa oncostatin M. Maselo ameneŵa kale ankayesedwa mitengo chabe yogwiriziza denga, koma adapezeka kuti ali nawo m'mlanduwo.

Chodabwitsa koposa chidachokera ku Japan m'chaka cha 2020. Gulu la Seishi Ogawa ku Kyoto ndi la Toshiro Sato ku Tokyo adapeza kuti m'matumbo amene atupa zaka zambiri, madera aakulu a khoma amakhala atalandidwa ndi maselo oonongeka majini ena, monga yotchedwa NFKBIZ. Majini ameneŵa ndi amene amamva uthenga wa timadzi ta interleukin 17, timene timapha maselo a khoma pa nthaŵi ya kutupa. Selo logontha ku uthengawo limapulumuka ndi kufalikira. Aliyense akadayembekeza kuti maselo otere ndiwo mbewu ya khansa. Koma a ku Kyoto atayang'ana m'makhansa enieniwo, kuonongeka kwa NFKBIZ kudali kosoŵa, ndipo mbeŵa zopanda jini imeneyi zidatuluka zotupa zochepa. Ndiye kuti pa lupsa paja pamamera zolimba za mitundu iŵiri, zina zopita ku khansa, zina zotsekereza njira yake, ndipo zimalimbirana malo. Phunziro lake kwa ofufuza lidali loŵaŵa pang'ono: kupeza jini yosintha m'matumbo odwala sikutanthauza kuti wapeza mdani.

Nanga wodwala uja woima pa mphambano wapindula chiyani? Kuyeza kalankhulidwe ka majini sikudaloŵe m'ntchito ya tsiku ndi tsiku ya zipatala pa nthenda imeneyi. Chimene chayandikira kwambiri ndi njira ina yoŵerenga DNA yeniyeniyo. Maselo opita ku khansa ya colitis amataya kapena kuchulukitsa zidutswa zikuluzikulu za DNA, ndipo m'chaka cha 2025 akatswiri a ku Institute of Cancer Research ku London, pamodzi ndi a ku St Mark's, adaonetsa pa odwala oposa 100 kuti kuŵerenga zidutswa zimenezi m'timinofu toyamba kusintha kumalekanitsa bwino amene ali pa ngozi yaikulu m'zaka zisanu zotsatira ndi amene ngozi yawo njochepa. Njirayi ifunika kuyesedwa pa odwala ambiri isanakhazikike. Pakadali pano madokotala amayamba kuunika matumbo a wodwala pakatha zaka pafupifupi 8 chiyambire nthenda, pogwiritsa ntchito makamera akuthwa ndi utoto wobiriŵira umene amawaza pa khoma kuti malo osalala aja aonekere. Amalimbikiranso kuzimitsa kutupa mpaka khoma litapola, osati kungoleka pamene wodwala wasiya kudandaula, popeza a ku St Mark's adaonetsa m'chaka cha 2004 kuti kukula kwa kutupa kooneka pa maikulosikopu kumayendera limodzi ndi ngozi ya khansa.

Kuno ku Africa nthenda ya kutupa kwa matumbo idadziŵika kwa nthaŵi yaitali monga yosoŵa. Denis Burkitt, dokotala amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, adalemba cha m'ma 1970 kuti matenda a matumbo aakulu ofala ku Ulaya sadali kuonekaoneka m'midzi ya mu Africa, naganiza kuti chakudya cha gaga wambiri nchimene chinkateteza anthu. Koma m'maiko a ku Asia ndi ku South America nthendayi idakwera pamene anthu adasamukira m'mizinda ndi kusintha kadyedwe, ndipo madokotala a m'maiko angapo a mu Africa, makamaka ku South Africa, akuiona moŵirikiza kuposa kale. Kuizindikira nkovuta, chifukwa imafanana ndi matenda ena ofala kuno: kamwazi, likodzo la m'matumbo, ndi chifuŵa chachikulu chikagwira matumbo, chimene chimafanana ndi nthenda ya Crohn kotero kuti ngakhale akatswiri amasokonezeka. Munthu amene wakhala akuona magazi m'chimbudzi kwa masabata ambiri, namwa mankhwala a kamwazi kaŵiri katatu osasintha, akuonda ndi kufooka, ayenera kubwerera kuchipatala ndi kunena momveka kuti vutolo lakhalitsa, kuti atumizidwe kumene angamuunike m'matumbo.

Mwa mizinda imene yatchulidwa m'nkhani ino muli London, Seattle, Tokyo, Kyoto, Chicago, Helsinki ndi Oxford, ndipo timinofu tambiri timene tidayesedwa tidachokera kwa odwala a kumeneko. Kalankhulidwe ka majini a m'matumbo kamasintha ndi chakudya, ndi tizilombo tokhala m'matumbomo, ndi matenda amene munthu adadwalapo. Khoma la matumbo a munthu wa ku Nsanje kapena ku Chipata, amene adakula ndi nsima ya mgaiwa, nadwalapo likodzo ndi njoka za m'mimba, silingayembekezeke kulankhula chimodzimodzi ndi la munthu wa ku Helsinki. Mndandanda uliwonse wa majini umene udzavomerezedwe kumeneko udzayenera kuyesedwanso pa odwala a kuno dokotala asanaudalire pouza munthu kuti achotsedwe matumbo.